Nsomba za m'galasi ku Chigwa cha Shire: zikamafa mu Okutobala, zikamakana kuswana, zikamasowa ogula

Nsomba zanga zoyamba zinali goldfish zisanu ndi imodzi. Ndinazigula ku Blantyre mu Meyi, n'kutsika nazo phiri la ku Thabwa zili m'jumbo pamiyendo. Juni, Julayi, Ogasiti zinkadya, zinkanenepa, alendo akabwera ankayamba kaye kuima pa thanki asanapereke moni. Mu Okutobala zinatha zonse m'masiku atatu. Chaka chotsatira ndinagula pampu yaikulu, mankhwala abuluu othira m'madzi a nsomba, ndi goldfish zina. Zinafanso mwezi womwewo, sabata pafupifupi yomweyo. Mlamu wanga, amene amapha mphende ndi milamba ku dambo, anayang'ana thanki yopanda kanthuyo n'kundifunsa kuti, "Alamu, kodi nsomba zimenezi kwawo n'kuti?" Sindinathe kumuyankha, ndipo apa ndi pamene panali vuto lonse.

Ambiri amene tikuyesa kuweta nsomba zokongoletsa m'nyumba kuno ku Chikwawa, Nchalo, Ngabu mpaka ku Bangula ndi Nsanje timasankha mtundu poona zithunzi pa Facebook ndi pa WhatsApp. Zikayamba kuvuta timathamangira kusintha chakudya, sefa, mankhwala. Nthawi zambiri chofunika kusintha ndi nsombayo. Ndifotokoza zizindikiro zimene zimabwerabwera, ndi mmene mungadziwire ngati mwalakwitsa kasamalidwe kapena mwalakwitsa posankha.

Nsomba zikuyandama pamwamba, zikuyasamula, kenako zikufa nyengo yotentha

Ili ndiye vuto lathu lalikulu. Chigwa chino chili pansi kwambiri, malo ambiri sakwana n'komwe mamita 100 kuchokera pa mlingo wa nyanja yamchere, ndipo mu Okutobala ndi Novembala kutentha kumafika madigiri 40 ngakhale kupitirira. M'nyumba ya malata yopanda siling'i, madzi a m'thanki yaing'ono amatsatira kutentha kwa chipinda. Madzi akamatentha amasunga okosijeni wochepa: pa madigiri 20 lita imodzi imasunga pafupifupi mamiligalamu 9, pa madigiri 30 imasunga pafupifupi 7.5, pa madigiri 35 imatsika kufika pafupifupi 7. Kusiyanako kumaoneka kochepa pa pepala, koma nthawi yomweyo thupi la nsomba likugwira ntchito mofulumira chifukwa cha kutenthako, ndiye ikufuna mpweya wochuluka pamene madzi ali ndi wochepa. Onjezani kuzima kwa magetsi usiku, pampu n'kuima. M'mawa mumapeza maliro.

Musanagule china chilichonse, gulani thermometer (choyezera kutentha) ya m'madzi. Ikani ndowa ya madzi pamalo pamene mukufuna kuika thanki, ndipo muziyeza 6 koloko m'mawa ndi 3 koloko masana kwa sabata yathunthu m'nyengo yotentha. Nambala ya masanayo ndi imene ikusankhireni nsomba.

Goldfish ndi nsomba ya madzi ozizirirapo, imasangalala cha m'ma 18 mpaka 22, imadya kwambiri, imaipitsa madzi kwambiri, ndipo kuti iswane imafuna kudutsa kaye m'nyengo yozizira. Koi ndi chimodzimodzi, kuphatikiza kuti imafuna dziwe lalikulu. Zimenezi asiyireni anzathu a ku Dedza, Mulanje ndi Zomba. Mukhoza kuzisunga zamoyo ndi fani ndi pampu, inde, koma kusunga chamoyo ndi kuweta kuti mupeze ndalama ndi zinthu ziwiri zosiyana.

Zimene zimapirira ndi guppy, molly, platy ndi swordtail, zimene zimakonda madigiri a m'ma 24 mpaka 28 ndipo zimatha kudutsa masiku otentha kuposa apo ngati madzi ali aukhondo ndipo sizinathithikane. Mwa zinayizi molly ndi imene imakonda kutentha kwambiri, platy ndi swordtail zimafooka msanga. Palinso betta ndi gourami, zochokera ku Thailand ndi maiko oyandikana nawo, kumene zimakhala m'madambo ndi m'minda ya mpunga. Izi zili ndi chiwalo chozithandiza kumeza mpweya wa pamwamba pa madzi, mofanana ndi mlamba umene timauona ukupulumuka m'thope. Magetsi akazima, betta sadziwa n'komwe.

Ngati mtundu mwasankha bwino koma zikuyasamulabe, yang'anani izi. Thanki ikhale pansi pa simenti, m'chipinda chimene sichiwombedwa ndi dzuwa la masana. Chidebe chotakata pakamwa ndi chabwino kuposa chachitali chopapatiza, chifukwa mpweya umalowera pamwamba. Madzi ambiri amachedwa kutentha, choncho diramu ya pulasitiki yodula pakati imaposa timabotolo khumi. Chotsani chivundikiro, ikani neti, ndipo fani iziwomba pamwamba pa madzi. Kukulunga chidebe ndi chiguduli chonyowa kumagwira ntchito ngati mtsuko umene umaziziritsa madzi akumwa. Masiku otentha kwambiri chepetsani chakudya ndi theka. Kapampu ka mpweya koyendera USB, kolumikiza ku power bank kapena ku batire la sola, kapulumutsa nsomba zanga kangapo. Chimodzi chokha musachite: kuthira madzi a mu fuliji kapena ayezi mwachindunji. Kutsika kwadzidzidzi kumapha kuposa kutenthako.

Nsomba zili moyo koma zafota, sizikuswana, kapena mazira sakuswa

Apa funsani madzi anu. Aliyense wa kuno amadziwa kuti mijigo yambiri m'chigwa chino imatulutsa madzi a mchere, ina mpaka anthu anaisiya n'kubwerera kumtsinje. Ngakhale mjigo umene madzi ake amamweka bwino, onani poto wowiritsira madzi: ngati m'kati mumachita zoyera zokakamira, ndipo sopo sachita thovu msanga, madzi anu ndi olimba, ali ndi laimu ndi michere yambiri.

Kwa nsomba zina umenewu ndi mwayi. Guppy, platy ndi swordtail zimakonda madzi olimba. Molly imafika pokhala m'madzi osakanikirana ndi a nyanja yamchere kwawo ku Central America, ndiye kamchere ka m'mjigo wanu sikaiopsa. Koma neon tetra, discus ndi nsomba zambiri za ku Amazon zimaswana m'madzi ofewa, opanda michere, okhala ngati a mvula. M'madzi athu zikhoza kukhala moyo miyezi ingapo, mazira ake osaswa. Neon tetra ilinso ndi vuto lachiwiri loti sikonda kutentha kopitirira m'ma 26. Ndinataya ndalama pa timeneti chifukwa timawala ngati nyali pa chithunzi. Angelfish ili pakatikati: imakonda kutentha, zoweteredwa m'mathanki zimazolowera madzi olimbirapo, koma ngati madzi anu amamveka mchere pa lilime musayambire pamenepo.

Ena amati, nanga bwanji osatunga madzi a mvula? Mukhoza, kusakaniza ndi a mjigo. Koma mvula ya kuno mukuidziwa. Bizinesi yodalira madzi a mvula idzaima kuyambira Meyi mpaka Novembala.

Pali msampha wina umene unandipusitsa nthawi yaitali. Kukatentha madzi amauma msanga, makamaka mukaika fani. Amene amauluka ndi madzi okha, mchere umatsala. Mukamangothiramo ena odzaza thanki osachotsako akale, mchere umawonjezereka sabata iliyonse, mpaka tsiku lina nsomba zimayamba kupinda zipsepse ndi kugwedezeka pamalo amodzi. Mankhwala ake n'kuchotsa gawo limodzi mwa magawo anayi a madzi sabata iliyonse, kupopa ndi kapaipi kuchokera pansi pamene pali zinyalala, n'kuthira atsopano ofanana kutentha. Ngati ndi madzi a pampopi kapena othiridwa klorini, agone kaye m'ndowa yosavundikira tsiku limodzi kapena awiri.

Zikufa sabata ziwiri zoyambirira, ngakhale nyengo yozizira

Ili si vuto la mtundu, ndiye sinditaya nalo nthawi. Thanki yatsopano ilibe tizilombo tabwino timene timasintha amoniya wa m'chimbudzi cha nsomba kukhala chinthu chosaopsa. Timatenga masabata anayi mpaka asanu ndi limodzi kuti tichuluke. Yambani ndi nsomba zochepa, pemphani siponji yakale ya m'sefa kwa mnzanu amene thanki yake ndi yathanzi, ndipo musatsuke sefa ndi madzi a klorini kapena sopo. Nsomba zatsopano zikhale pazokha masabata awiri kapena atatu musanaziphatikize ndi zanu. Amene amatsatira nkhani za nsomba akukumbukira matenda a zilonda amene anabuka ku Mchinji mu 2020. Matenda amayenda ndi nsomba zamoyo ndi madzi ake.

Zaikazi zikutenga mimba koma ana sakuoneka

Akudyedwa ndi makolo awo. Guppy, molly, platy ndi swordtail siziikira mazira, zimabereka ana amoyo pafupifupi masabata anayi alionse, ndipo kuno kotentha nthawiyo imafupikirako. Guppy yaikazi yokhwima imatha kubereka ana 20 mpaka 50 ulendo umodzi. Mukaona mimba yakula ndipo kumbuyo kwake kwada, isamutsireni m'beseni lina, ikabereka n'kuichotsa. Kapena ikani pobisalira pambiri.

Pobisalirapo ambiri amathamangira namasupuni, popeza mu Shire ngwaulere ndipo mizu yake ndi yabwinodi. Ine ndinasiya. Amabwera ndi misundu, ana a tombolombo amene amadya tiana ta nsomba kamodzikamodzi inu osaona, ndi nkhono za m'madzi, zomwe zina ndi zofalitsa likodzo. Thumba la saka lotsuka bwino, lolezaleza n'kumanga ngati ngayaye, limagwira ntchito yomweyo popanda alendo.

Chakudya cha ana chimasankhitsanso mtundu. Mwana wa guppy kapena molly amabadwa wamkulu moti amadya chakudya cha makolo ake chopera bwino kuyambira tsiku loyamba, ndi kachidutswa ka yolk ya dzira lowiritsa kosaposa mutu wa machesi. Mwana wa betta ndi kakang'ono ngati nsidze, ndipo sabata yoyamba amafuna tizilombo tamoyo tosaoneka ndi maso, timene mumayenera kuweta nokha m'botolo la madzi obiriwira. Betta yaimuna imamanga chisa cha thovu, imasamala mazira, yaikazi mumaichotsa msanga isanaphedwe. Zonsezo n'zosangalatsa kuonera. Chovuta chimabwera pa miyezi iwiri kapena itatu, amuna akayamba kumenyana: aliyense amafuna botolo lake, ndipo botolo lililonse limafuna kusinthidwa madzi pafupipafupi. Mabotolo 60 mu Novembala, madzi mukutunga ku mjigo pa njinga. Ganizani kaye. Ine ndimati betta ikhale nsomba yanu yachiwiri, mutaphunzira pa guppy kapena molly.

Ana akuchuluka koma mitundu yazilala, ogula akungoyang'ana n'kupita

Guppy imaswana mosavuta moti vuto lake ndi lomwelo. Mukasiya zofiira, zabuluu ndi zamawangamawanga m'chidebe chimodzi, pakatha mibadwo itatu mumakhala ndi tinsomba totuwa tofanana ndi matemba. Palibe amene angakwere minibasi kudzagula matemba a m'galasi. Sankhani mtundu umodzi, kapena iwiri ngati muli ndi zidebe zokwanira, ndipo neti ya chidebe china isalowe m'chinzake muli kamwana. Lekanitsani amuna ndi akazi akangoyamba kuzindikirika, cha pa sabata yachinayi, chifukwa yaikazi ikangokweredwa kamodzi imasunga mbewu ya mwamunayo n'kubereka maulendo angapo popanda mwamuna wina. Ndiye ngati anayamba kuikwera ndi mchimwene wake wosaoneka bwino, mwataya miyezi. Poswanitsa ikani mwamuna mmodzi kwa akazi awiri kapena atatu. Zopindika msana ndi zofooka musaziswanitse ndipo musazigulitse. Chaka chilichonse bweretsani magazi atsopano kuchokera kwa woweta wina. Platy ndi swordtail zimakwerana, choncho zisakhale pamodzi.

Nsomba ndi zokongola, zathanzi, koma palibe wogula

Tinene zoona: kuno nsomba ndi ndiwo. Mayi wina woyandikana nane anandifunsa akuseka kuti, "Bambo a kwathu, timeneti mudzakazinga liti?" Ogula alipo, monga malo ogona alendo, maofesi, masukulu a mkaka, ogwira ntchito ku minda ya nzimbe ku Nchalo, koma ndi ochepa, ndipo munthu akagula guppy zisanu mwezi wa mawa ali nazo makumi atatu. Msika weniweni uli ku Blantyre ndi Limbe. Choncho musanagule makolo, kwerani mukaone amene amagulitsa nsomba za m'galasi kumeneko. Afunseni zimene zimatha msanga, zimene amavutika kuzipeza, kukula kumene amafuna, ndiponso ngati amalipira pompopompo kapena akagulitsa. Yankho lawo ndi lofunika kuposa zimene inuyo mumakonda. Pali nsomba ina yamizeremizere yotchedwa convict cichlid imene imaswana ngakhale m'ndowa. Oyamba kumene amaikonda chifukwa cha zimenezo, koma ndi yandewu, ndipo mukhala ndi mazana opanda kopita.

Mwayi wathu ndi kutentha komwe kuja kumatizunza. Blantyre ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,000, ndipo mu Juni ndi Julayi kukagwa chiperoni woweta wa kumeneko amafuna hita ndi magetsi kuti nsomba zake zipitirize kuswana. Ife nyengo imeneyo madzi athu amakhala bwino, ngakhale usiku wina wa Juni umazizira moti timabeseni tating'ono timafuna kuvundikira. Ndiye konzani kuti ana ambiri abadwe kuyambira Malichi mpaka Juni, agulitsidwe ali ndi miyezi itatu kapena inayi, ndipo pofika Okutobala mutsale ndi makolo osankhika okha m'zidebe zopanda thithi. Kuyambira pamene ndinayamba kuchita zimenezi sindinakwirirenso nsomba zambiri.

Kusiyana kwa nyengoku kumaphanso nsomba pa ulendo, kenako wogula amati munamugulitsa zodwala. Musazidyetse tsiku lathunthu musananyamuke. M'jumbo madzi akhale gawo limodzi mwa atatu, kotsalako mpweya, majumbo awiri kuphatikiza, muike m'katoni kapena m'kula bokosi. Nyamukani m'bandakucha, ndipo katoniyo isakhale pafupi ndi injini ya minibasi. Mukafika, jumbo liyandame m'thanki ya wogula mphindi 20 lisanatsegulidwe. Wogula betta m'nyengo yozizira muuzeni poyera kuti kumtunda imafuna hita.

Nanga mbuna?

Funso limeneli limabwera nthawi zonse, ndipo n'lomveka. Mbuna, nsomba zowala mitundu zimene anthu a ku Germany ndi America amazilipira ndalama zambiri, ndi za m'miyala ya m'nyanja yathu ya Malawi, ndipo ku Senga Bay ku Salima zakhala zikutumizidwa kunja kwa zaka zambiri. Madzi olimba zimawakonda. Kuswana kwake n'kodabwitsa: yaikazi imasunga mazira m'kamwa pafupifupi masabata atatu osadya, n'kulavula ana akuluakulu osavuta kudyetsa. Yachikasu ija ya Labidochromis caeruleus, ya m'mbali za Nkhata Bay, ndi yofatsirapo ndipo imakopa maso a wogula aliyense.

Koma mbuna si nsomba ya kuno. Mathithi a mu Shire, kutsikira mpaka ku Kapichira, analekanitsa nsomba za kunyanja ndi zathu, zomwe ndi za m'banja la Zambezi. Mbuna inazolowera madzi a m'miyala oyera, okhala ndi mpweya wambiri, osasinthasintha kutentha, cha m'ma 24 mpaka 28. Imafuna thanki ya malita 200 kapena kuposa, miyala yambiri, mwamuna mmodzi kwa akazi angapo, sefa yosazima, ndi chakudya chokhala ndi zamasamba, chifukwa zanyama zikachuluka zambiri zimatupa mimba n'kufa. Ana ake ndi ochepa poyerekeza ndi guppy ndipo amachedwa kukula. Mitundu yosiyana ikakhala pamodzi imakwerana, ndipo odziwa mbuna sagula zosakanizika. Ngati muli ndi sola yodalirika ndi chipinda chimene madzi ake sapitirira 30, yesani, mutatha chaka pa nsomba zosavuta. Makolo agulidwe kwa woweta kapena wogulitsa wovomerezeka. Lake Malawi National Park, imene inakhazikitsidwa mu 1980 n'kulowa m'ndandanda wa malo ofunika pa dziko lonse wa bungwe la UNESCO mu 1984, inapangidwa makamaka kuteteza nsomba zimenezi, ndiye za kumuuza msuweni wa ku Cape Maclear kuti akutapireni m'miyala muziiwale. Kugwira, kusamutsa ndi kulowetsa nsomba zamoyo m'dziko kuli pansi pa malamulo a za nsomba, ndipo ofesi ya Fisheries ya m'boma lanu ndi imene ingakuuzeni chilolezo chofunika musanayambe kugulitsa.

Madzi osefukira

Ena akaona kuti zidebe zachepa amakumba kadziwe kuseri kwa nyumba. Kwina n'zotheka, kuno ayi, ngati muli malo amene madzi anafika mu 2015, pa namondwe Idai mu 2019, pa namondwe Ana mu 2022 kapena pa namondwe Freddy mu 2023. Simutaya nsomba zokha. Guppy ndi molly zikalowa m'ngalande zimaswana popanda woziletsa, ndipo ngalande zathu zimathera mu Shire ndi m'dambo la Elephant Marsh, limene linalembedwa mu 2017 m'ndandanda wa Ramsar wa madambo ofunika pa dziko lonse ndipo limadyetsa mabanja ambiri a asodzi. Pa chifukwa chomwecho, nsomba zotsala kapena zosafunika musakazitaye mumtsinje kapena m'ngalande za mthirira, ndipo madzi ochotsa m'thanki athiridwe pa dimba kapena pa mtengo, mutawasefa ndi neti kuopa kamwana kobisala.

Nyengo ya mvula ikamayandikira ndimakweza zidebe pa thandala la njerwa, ndipo makolo abwino kwambiri, amuna awiri ndi akazi asanu a mtundu uliwonse, amakhala m'zigubu ziwiri za malita 20 zodula pamwamba, zokhala ndi zogwirira. Chenjezo likamveka pa wailesi, zigubuzo zimakwera njinga limodzi ndi thumba la ufa ndi zikalata.